Kasitomala wanga akukwera Queen Mary 2: ndimusokere chiyani cha madzulo aulemu?

Telala wa ku Limbe: Atelala anzanga, ndabwera ndi ntchito imene yandiimika mutu. Mayi wina amene ndakhala ndikumusokera kwa zaka zambiri waitanidwa ndi mwana wake wa ku England, ndipo akakwera sitima yapamadzi ya Queen Mary 2 kuchokera ku Southampton kupita ku New York, ulendo wa masiku 7. Mwanayo walemba kuti padzakhala madzulo awiri ovala mwaulemu kwambiri, oyamba a zakuda ndi zoyera, achiwiri a zofiira ndi zagolide. Mayiwo abweretsa chitenje cha wakisi cha mayadi 6, chofiira chokhala ndi maluwa achikasu, ndipo akufuna ndiwasokere monga timasokera za ku ukwati: manja otukuka, siketi yokwekwera pansi ndi duku lalikulu. Sindinasokerepo munthu wokwera sitima yotere, ndipo ndikuopa kuti ndingawachititse manyazi pakati pa anthu.

Mayi wosoka ku Durban: Achimwene, mwachita bwino kutchula dzina la sitimayo, chifukwa kavalidwe kamasiyana malinga ndi kampani. Kuno ndimasokera amayi okwera sitima za MSC zimene zimanyamuka pa Durban m'nyengo yotentha kupita ku Portuguese Island kapena ku Pomene ku Mozambique, ndipo pa maulendo afupiafupi amenewo diresi yabwino yofika m'mawondo imakwanira. Kampani ya Norwegian ndiyo sikakamiza n'komwe kuvala mwapadera. Koma Queen Mary 2 ndi ya Cunard, imene imadziwika ndi kusunga mwambo: pa madzulo amene iwo amawatcha Gala Evening, abambo amavala suti yakuda ndi tayi, ndipo amayi ambiri amavala diresi yaitali, ngakhale kuti diresi yaifupi yaulemu kapena suti ya thalauza yosokedwa bwino imaloledwanso. Wosafuna kuvala choncho amakadyera ku Kings Court, kumene munthu amadzitengera yekha chakudya, koma sindikhulupirira kuti mayi angawoloke nyanja yonseyo kuti akabisale kumeneko.

Telala wa ku Area 25: Ine ndikuona kuti chitenje chisiyidwe kaye. Wakisi akapindidwa mu sutikesi kuchokera ku Chileka mpaka ku London amatuluka ali ndi makwinya oti popanda simbi sachoka, ndipo ndinamva kuti m'zipinda za m'sitima salola simbi poopa moto. Agulireni nsalu yakuda ya crepe, musoke diresi imodzi yosalala, nkhani ithere pomwepo.

Mayi wosoka ku Durban: Za simbi mwanena zoona, abambo, m'chipinda chogona saloledwa kukhala nayo. Komabe sitima za Cunard zili ndi tizipinda tochapira momwe apaulendo amachapa ndi kusita okha, kotero makwinya si chifukwa chokwanira chowalanda mayiwo chitenje chawo. Ndinganene kuti pakati pa madiresi akuda mazanamazana, chitenje chosokedwa mwaluso ndicho anthu amachitembenukira.

Mphunzitsi wa zosoka wopuma ntchito, Zomba: Ana anga, nonse awiri muli ndi mbali yanu, koma vuto lenileni lili pa kadulidwe, osati pa nsaluyo. Zimene timasokera ku ukwati timasokera munthu amene atsike m'galimoto, ayende pang'ono pabwalo losagwedezeka, kenako akhale pansi. M'sitima pansi pamayenda, makamaka pa nyanja ya Atlantic imene nthawi zina imawinduka, ndipo mayi amakwera ndi kutsika masitepe dzanja limodzi litagwira chitsulo cha m'mbali. Siketi yokwekwera pansi idzawakola, kapena wina adzaiponda povina mu Queens Room, holo yovinira ya m'sitimayo. Muwauze abwere ndi nsapato zenizeni zimene akavale, makamaka zachidendene chachifupi ndi chachikulu m'malo mwa gogoda woonda, ndipo mpendero muupinde pamwamba pa nthaka ndi zala ziwiri iwo ataimirira. Ngati akufuna siketi yothina m'mawondo n'kutambasuka m'munsi, musaithinitse mpaka kulephera kutambasula mwendo pa sitepe.

Manja otukuka aja, amene timawalimbitsa ndi nsalu youma m'kati, ndiwo amaphwanyika mu sutikesi ndipo ngakhale mutasita sabwereranso mwakale. Sokani manja osalala ofika m'chigongono, kukongolako mukuike pakhosi. Chitenjecho muyambe mwachichapa chisanadulidwe kuti chifewe ndi kufupikiratu, kenako muike lainingi yopepuka kuti chisamamatire m'thupi.

Pa za madzulo awiriwo, musasoke zovala ziwiri zathunthu, pakuti ndege zambiri zimalola chikwama cha makilogalamu 23 ndipo mayiwo ali ndi zovala za masiku enanso, mwinanso ufa ndi usipa wa mwana wawo. Sokani siketi imodzi yaitali ya crepe wakuda, monga wanenera mnzanu wa ku Area 25. Madzulo oyamba aivale ndi bulauzi yoyera ya lesi kapena satini. Madzulo achiwiri aivale ndi bulauzi ya chitenje chofiiracho, pakuti maluwa achikasuwo akuyimira kale golide amene akufunikayo.

Telala wa ku Area 25: Pamenepo ndagonja, amayi. Ndingowonjezera kuti pa mayadi otsalawo adulepo mpango wa paphewa wokhala ndi lainingi yakuda, woti autembenuze mbali iliyonse malinga ndi tsiku, chifukwa m'zipinda zodyera mumakhala mphepo yozizira ya makina ndipo panja pa sitima pamaomba chimphepo.

Telala wa ku Limbe: Zikomo kwambiri nonse. Mayiwo anabwera dzulo masana ndipo ndinawafotokozera zonsezi. Za siketi yakuda anavomera msanga atamva za kulemera kwa chikwama, za manja anang'ung'udza pang'ono koma anagonja nditawaonetsa malaya ena amene anagona mu sutikesi sabata imodzi. Pa duku pokha akanitsitsa, akuti sangakaonekere pagulu mutu uli pamtunda. Kodi ndilichite bwanji kuti lisakaphwanyike kapena kuuluka?

Mayi wosoka ku Durban: Musalisokeretu ngati chipewa, achimwene, chifukwa losokeratu ndilo limaphwanyika. Dulani nsalu yaitali bwino, mupinde m'mphepete mwake, ndipo aikulunge pamodzi ndi bulauzi m'malo moipinda, akamange okha m'chipinda mwawo madzulo omwewo. Muwapatse mapini anayi a tsitsi oti akalimbitsire kumbuyo, ndipo muwakumbutse kuti limangidwe lalifupi kusiyana ndi la ku ukwati, pakuti akadzatuluka panja kukajambulitsa chithunzi mphepo ya pa Atlantic idzayamba ndi dukulo.