Presha ikudumphadumpha VFD ikangoyaka, shield ndimange mbali imodzi kapena zonse?

Wofunsa (sanatchule dzina):
Akuluakulu ndithandizeni nzeru, vuto limodzi landidyera milungu iwiri. Ndimayang'anira mapampu pa munda wina wothirira ku Chikwawa. Taika panelo yatsopano yokhala ndi VFD (chida chosintha liwiro la mota) ya 22 kW ndi kaPLC (kakompyuta koyendetsa makinawo), ndipo sensa ya presha ya 4-20 mA (timagetsi tomwe imatumizira muyeso ku PLC) ili pa paipi, mamita 40 kuchokera pa panelo. Pampu ikakhala yozima zonse zili bwino. VFD ikangoyaka nambala zimayamba kuvina, pano 3 bar, pano 5, pano 2, chonsecho geji ya pa paipi yaima njii pa 4. PLC imakhulupirira bodzalo, mota n'kumangokwera ndi kutsika, madzi kumunda akufika modukizadukiza. Mbewu zikufota ine ndikuona, zikundiwawa.

Sensa ndasintha, zomwezo. Ndakhoma ndodo ina ya ethi, ndathira madzi ndi mchere poti dothi nyengo ino lauma gwa, osasintha. Kebulo ya sensa ili ndi shield (ukonde wa kopa wokuta mawaya a mkati), ndinaipota n'kumanga pa ethi mbali zonse ziwiri. Amene anandiphunzitsa ntchito amati mbali imodzi basi, buku la VFD likuti zonse. Ndimvere uti? Kebulo ya mota ndi wamba ya 4 core, ndipo zonse ziwiri zagona mu ngalande imodzi.

Wa ku Kanengo:
Ngalande imodzi? Achimwene yambirani pomwepo. Mawa tengani kebulo ina, muiyale pamtunda patali ndi ngalandeyo, mulumikize sensa muone. Musanagule chilichonse.

Wa ku Nchalo:
Onse awiri akunena zoona, kungoti akunena za makebulo osiyana. Bukulo likukamba za kebulo ya mota, madala anuwo amakamba za kebulo ya sensa.

Mvetsetsani kaye komwe phokosolo likuchokera. VFD sipatsa mota magetsi osalala ngati a ESCOM a 50 Hz. Imadula ndi kulumikiza magetsi kambirimbiri, ka 4,000 pa sekondi ngati ili pa 4 kHz, zina mpaka 16 kHz. Kudula kulikonse kumatayitsa timagetsi tina kudzera mu kebulo ndi mu thupi la mota. Timagetsi timeneti sitikufuna dothi ayi, tikufuna kubwerera ku VFD komwe tachokera. N'chifukwa chake ndodo yanu yachiwiri sinathandize. Ngakhale mutakhoma khumi. Ndipo mcherewo musiye, udya ndodoyo ndi dzimbiri.

Tsono poti kebulo ya mota ilibe shield, timagetsito tikufunafuna njira ina yobwerera: mota, pampu, paipi yachitsulo, thupi la sensa, kenako shield ya sensa imene mwaimanga mbali zonse, mpaka kulowa mu panelo. Mwatilambulira nokha msewu, pafupi penipeni ndi waya wa 4-20 mA.

Kebulo ya mota ikhale ya shield, yomangidwa ku VFD ndi ku mota komwe. Koma kamangidwe ndiye nkhani. Osapota ukonde wa kopawo kukhala kamchira n'kukakanikiza pa terminal. Kamchirako pa multimeter kamaonetsa 0 ohm inde, koma kwa magetsi othamanga chotere ndi njira yopanikizika kwambiri. Sendani chikopa cha kunja chokha, ukondewo ugwidwe kuzungulira konse ndi clamp yachitsulo pansi pa VFD, ku mota muike gland ya EMC (cholowetsera kebulo chachitsulo chogwira ukondewo kuzungulira). Ya sensa mangani ku panelo kokha, uko kwa sensa mudule bwino mukulunge tepi isakhudze chitsulo. Waya wa ethi wobiriwira ndi chikasu akhalebe pamalo pake, shield silowa m'malo mwake.

Wa ku Chipata:
Ine apa ndikaneko pang'ono bwana. Mabuku ambiri a PLC masiku ano amati ngakhale ya sigino mumange mbali zonse, chifukwa shield yomangidwa mbali imodzi siteteza mokwanira ku ma frequency apamwamba.

Wa ku Nchalo:
Zoona achimwene, koma werenganinso pansi pake. Amati mutero ngati mbali ziwirizo zalumikizidwa kale ndi waya wonenepa wa kopa, kuti magetsi adutse mmenemo osati mu shield. Mu fakitale zimatheka. Kumunda, pa mamita 40, anzathuwa alibe waya ameneyo.

Mayi wa mapanelo, Limbe:
Ndiwonjezere za mkati mwa panelomo, ambiri timaiwala. Chitsulo cha kumbuyo chomwe mwamangirapo VFD chili ndi penti? Ngati ili, palani pomwe pakhudza VFD ndi clamp, penti sidutsitsa magetsi. Chitseko muchilumikize ndi lamba wa kopa wophwatalala, wamfupi. Mawaya otuluka ku VFD asayende trunking imodzi ndi a PLC, muwatalikitse masentimita 20 kapena 30, ndipo pomwe akumana adutsane mopingasa. Chonde mukazimitsa dikirani mphindi zomwe zalembedwa pa VFD musanagwire, ma capacitor amasunga moto wopha munthu.

Wa ku Mzuzu:
Kwezani filter ya analog (yosalaza nambala zochokera ku sensa) mu PLC, nambala zikhazikika.

Mayi wa mapanelo, Limbe:
Zikhazikika pa sikirini, phokosolo likadalipo. Filter ikakula PLC imachedwa kumva presha yeniyeni, pampu n'kumasakasakabe. Ikhale yomaliza.

Wofunsa (sanatchule dzina):
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Lero m'mawa ndamasula shield kwa sensa, kuvina kwachepa kwambiri. Ndayala kebulo ina pamtunda monga ananenera a ku Kanengo, nambala yaima pakati pa 3.9 ndi 4.1. Penti inalipodi mayi, ndapala. Loweruka tikumba kangalande kena ka sensa yokha.

Chatsala ndi kebulo ya mota. Ya ukonde wa kopa ndafunsa m'mashopu angapo ku Blantyre sindinaipeze, akuti mpaka kuitanitsa. Mu stolo muno muli ya SWA (yokutidwa ndi mawaya achitsulo otchedwa armour) yokwanira.

Wa ku Nchalo:
Ikani SWA yo. Siifika pa ya kopa, koma iposa kutali yomwe muli nayo, bola gland zachitsulo zigwire armour bwino mbali zonse ndipo penti mupale pa bowo. Muonenso m'buku utali wa kebulo womwe VFD yanu imalola, chifukwa ya shield imaloledwa yaifupi kuposa wamba. Mutiuze mmene ziyendere Loweruka.