Ma graph a matplotlib akuchita mbuu pa projekita

Chisomo_M: Akuluakulu, ndithandizeni. Ma graph ndimajambula ndi matplotlib (chida cha Python chojambulira ma graph) mu Jupyter (pulogalamu yolemberamo ndi kuyendetseramo code), kenako ndimawakopera ku PowerPoint. Pa laputopu amaoneka bwinobwino, koma pa projekita mizere imachita mbuu ndipo manambala a m'mbali sawerengeka. Ndikonze pati?

Nachisale: Achemwali, mavuto apa ndi awiri. Mbuuyo ikubwera chifukwa chithunzi chimene Jupyter imaonetsa chili ndi timadontho tochepa. Lekani kukopera, muzisunga chonchi: fig.savefig("graph.png", dpi=300, bbox_inches="tight").

Koma dpi (kuchuluka kwa timadontho pa inchi iliyonse) sikulitsa zilembo, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mukapanda kusintha kanthu, matplotlib imapanga chithunzi cha mainchi 6.4 ndi 4.8, zilembo zake za saizi 10. Silaidi ya PowerPoint ya 16:9 ndi mainchi 13.33 ndi 7.5. Mukaika graph pa theka la silaidi zilembo zimakhalabe 10, zimene munthu wa pampando wakumbuyo sangazione. Yambani mwayeza malo amene graph ikakhale, mwachitsanzo figsize=(6, 4.5), muike plt.rcParams["font.size"] = 18 ndi linewidth=2.5. Mukailowetsa musaikokenso m'makona kuti ichepe, chifukwa zilembo zimachepera limodzi.

Phiri_Stat: Ndiwonjezere pa zimene anena mayi Nachisale. PowerPoint imafinya zithunzi mukamasunga fayilo. Pitani ku File, Options, Advanced, muchonge "Do not compress images in file". Ngati Office yanu ndi yatsopano sungani graph ngati SVG, mtundu wa fayilo ya chithunzi umene suchita mbuu ngakhale muikulitse bwanji. Chenjerani ndi graph ya scatter ya madontho masauzande ambirimbiri: SVG imasunga dontho lililonse palokha, silaidi imalemera n'kumachedwa kutseguka. Pamenepo ikani rasterized=True mu scatter, madontho asanduke chithunzi koma zilembo zikhalebe zakuthwa.

Mlauzi: Ngati muli ndi ma equation ambiri, Beamer, chida chopangira masilaidi mu LaTeX (pulogalamu yolembera masamu), ndiyo yabwino kuposa PowerPoint, ndipo graph muzisunga ngati PDF. Kungoti silaidi yake ndi yaing'ono, mamilimita 160 ndi 90 mukaika aspectratio=169, choncho saizi 18 imakula mopitirira. Kumeneko figsize=(3, 2.2) ndi zilembo za 9 zimakwanira theka la silaidi. Mizere yachikasu ipeweni, projekita imaifafaniza pa silaidi yoyera, makamaka m'chipinda chopanda makatani.