Za Dziwe la Nkhalamba ndi ndalama za gulu za chaka chino

Mlembi (Limbe): Abale ndi alongo, Loweruka ndinatenga ana kupita nawo ku Dziwe la Nkhalamba, dziwe la pamathithi a Likhubula m'phiri la Mulanje. Tinadzera msewu wa Midima, pa Chitakale n'kukhotera wa ku Phalombe, galimoto n'kuisiya pa Likhubula. Kuchokera apo ndi wapansi, ola lathunthu poti tinali ndi ana. Madzi a pamathithi paja ngozizira zedi, wamng'ono wanga atangoviika phazi anafuula n'kundikakamira m'khosi. Tinasangalala, koma ndabwerako mtima uli m'mwamba. Miyala ya m'mphepete ili ndi ndere, ndipo ndinaona ndi maso angawa mnyamata wina akuterereka, anzake anachita kumugwira malaya. Mabotolo ndi majumbo ali mbwee m'tchire. Amayi akusinthira zovala kuseri kwa mitengo, kutchingana ndi chitenje. Pempho langa n'lakuti ndalama za chaka chino tipangire zikwangwani zochenjeza, chimbudzi ndi kanyumba kosinthiramo zovala.

Mayi a ku Johannesburg: Achimwene, ndamva, koma ine ayi. Chipitireni namondwe wa Freddy mu 2023 mayi anga akutungabe madzi kutali chifukwa mjigo wathu sunakonzedwe. Ndituluke thukuta kuno kuti ndimangire chimbudzi anthu a m'tauni obwera kudzajambulitsa?

Msungichuma (Lilongwe): Achemwali akunena zoona, nkhani ya mjigo tinailemba kale. Komanso tisaiwale kuti dziwelo lili m'nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira 1927. Sitingangofika ndi matumba a simenti popanda chilolezo cha a Zankhalango.

Mphunzitsi (Likhubula): Ine ndiyankhule ngati munthu wokhala konkuno. Alendo amene mukuti a m'tauniwo ndi amene akudyetsa mabanja ambiri kuno. Anyamata amene ndinawaphunzitsa ndekha lero akuperekeza alendo ku nsonga za phiri za Chambe ndi Sapitwa, ena akunyamula katundu, ena akukwezetsa kabaza pa Chitakale. Amayi akugulitsa nthochi ndi nanazi m'mbali mwa msewu. Basi imodzi ya ana asukulu ikabwera, madzulo ake m'nyumba zingapo mumanunkhira ndiwo zabwino. Koma munthu akamira padziwe paja, ndipo amamiradi, mbiri imawanda n'kudutsa milungu anthu akuopa kubwera. Ambiri amaona madzi oyera n'kumayesa mposaya, osadziwa kuti pakati mpozama ndiponso kuzizira kumagwira miyendo. Nthawi yadzinja ndiye kumwamba kungagwe mvula inu kunsi muli padzuwa, mtsinje n'kudzaza mwadzidzidzi. Mlendo zimenezi angazidziwe bwanji popanda womuuza?

Mayi a ku Johannesburg: Aphunzitsi, za kumirazo zandikhudza. Koma chikwangwani chimagwira munthu dzanja?

Mphunzitsi (Likhubula): Sichigwira, mayi. N'chifukwa chake ine ndikanakonda tilipirire anyamata angapo maphunziro opulumutsa munthu m'madzi, tiwagulirenso zingwe ndi majekete oyandamitsa. Kanyumbako kangadikire.

Amalume (Zomba): Ana inu, dzina lija silinangobwera. Makolo athu ankapalemekeza pamalo paja, sankapita ndi phokoso kapena mowa. Mu 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse chifukwa cha chikhalidwe chomwechi. Musanakhome ngakhale msomali umodzi, kagwadeni kaye kwa amfumu. Ndipo chikwangwanicho chilembedwe m'Chichewa ndi m'Chilomwe, Chingerezi chibwere pansi. Matabwa ake asakhale a mkungudza, watsala wochepa kale.

Mlembi (Limbe): Amalume, zikomo, za amfumuzo ndinaziphonya. Kanyumba ndakasiya. Koma zikwangwani ndi zingwe ndiye ndikupemphabe, nkhope ya mnyamata uja sikundichoka.

Msungichuma (Lilongwe): Ndiye tichite motere. Mjigo upite patsogolo monga tinagwirizana. Zotsalazo zipite ku zingwe, majekete ndi zikwangwani ziwiri. Aphunzitsi, mungakaonane ndi amfumu komanso a Zankhalango sabata ino?

Mphunzitsi (Likhubula): Ndipita Lachinayi ndikaweruka. Nditenganso anyamata awiri operekeza alendo, akaloze okha pamene anthu amatererekera.

Mayi a ku Johannesburg: Ngati mjigo uyambe, ndavomera. Jekete imodzi ndigula ine pandekha, munditumizire saizi yake.