Thandizeni: ampu ya mavalavu yotchipa, ndigule iti?

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Adimini musandiulule chonde, mlamu wanga ali pagulu pomwe pano. Ndikufuna kugula ampu ya mavalavu, ija imakhala ndi timagalasi toyaka pamwamba, yoti ndizimvera nyimbo pabalaza ndikaweruka. Ndinali ndi home theatre yabwinobwino koma mlamu yemweyo anabwereka kukaimbira pa chinkhoswe, inabwerako ikungolira ngati njuchi, mpaka lero olo pepani. Madamu akuti ndalamayi tigulire matailosi, chonsecho nyumba ndi ya lendi, ndipo alandilodi angokwezanso kumene. Pa intaneti ndaona zitatu: kena kakang'ono ka Nobsound, Reisong A10 ndi Willsenton R8. Ndili ndi ma CD ndi marekodi omwe anasiya malemu bambo anga. Za phokoso ayi, BP yanga siilola. Ndalama ndi yochepa, madolanso mukudziwa mmene akusowera. Ndigule iti? Onyoza ingodutsani.

DJ wa ku Joni: Achimwene mwalodzedwa kapena? A10 imatulutsa mawatsi 6 mbali imodzi. SIKISI! Ine kuno ku Johannesburg ndili ndi ampu ya mawatsi 2000, ndikaitsegula mawindo a aneba amanjenjemera. Mavalavu ndi za nthawi ya atsamunda, eni akewo anazitaya kalekale.

Fundi wa ku Ndirande: Bwana wofunsa, masipika anu ndi otani? Atembenuzeni, kumbuyo kwalembedwa ma ohm, 4 kapena 8, mwinanso ma dB, osonyeza mmene sipika imakwezera mawu. Popanda zimenezo tonse tikungolota. Sipika ya 90 dB kapena kuposa, mawatsi 6 akwana pabalaza. Ikakhala ya 84 dB, pafunika mphamvu yochuluka kanayi kuti mawu afike pomwepo.

DJ wa ku Joni: Afundi musanamize munthu. Mawatsi 6 ndi a wayilesi ya m'khitchini.

Fundi wa ku Ndirande: 2000 yanuyo ndi PMPO, nambala yokokomeza yongolemba pa katoni, aise. Bweretsani tiyeze, mudzabwerera mukuyang'ana pansi.

Mayi wa ku Area 25: Ine ndaima ndi madamu. Abambo inu ndalama ya kabichi mumati palibe, koma ya timagalasi yapezeka. Kwathu kuno anagula njinga yolimbitsira thupi, pano tikuyanikapo matawulo. Nanga ana aang'ono alipo? Ndamva kuti zimenezo zimatentha zedi.

Fundi wa ku Ndirande: Pamenepo mayi sananame. Valavu yaikulu ikagwira ntchito imawaula chala. Gulani yokhala ndi kachitetezo kawaya pamwamba, ndipo musaitsekere m'kabati.

Madala a ku Zomba: Ana inu mukuyesa mavalavu ndi achilendo kuno? Mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wayilesi yotchedwa Saucepan Special, yopangira ife a ku Nyasaland ndi ma Rhodesia. Inali yobulungira, ya mavalavu anayi, yoyendera batire, mtengo mapaundi 5. Malume anga anali nayo. Madzulo mudzi wonse umadzaza pabwalo kumvera wayilesi ya ku Lusaka, ana kukhala pansi, wina akatsokomola amamuyang'anitsitsa. Mawu ake anali ofunda, osati zamasiku ano zongoboola m'makutu.

DJ wa ku Joni: Madala, ulemu wanu, koma bass inalipo? Kkkkk

Madala a ku Zomba: Nyimbo inalipo, mwana wanga.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu: Ine changa n'chimodzi. Ndinaitanitsa ampu kunja, ndinamuuza wogulitsayo bwinobwino kuti ndili ku Malawi, koma ananditumizira ya 110V ya ku America. Kungolumikiza, phuu! utsi, nyumba yonse fungo la waya. Kumulembera, anangondibuloka. Magetsi athu ndi a 230V, ndiye poitanitsa onetsetsani kuti palembedwa 220 mpaka 240. Pulagi ija ya mapini atatu mutha kusintha konkuno, koma thiransifoma ya mkati ikapsa ndiye maliro.

DJ wa ku Joni: MWAONA? Ndimanena ine. Ya ine sinapsepo.

Mphunzitsi wa ku Mzuzu: Yanunso ikanakhala ya 110V ikanapsa chimodzimodzi, achimwene. Muziwerenga kaye.

Nesi wa ku Leeds: Kuno anthu amasakasaka maampu akale, monga Leak Stereo 20 ndi Quad II, za m'ma 1950. Ndinamverapo imodzi kwa mnzanga, ndinakhala chete nyimbo yonse. Koma kwa woyamba kumene sindingalimbikitse. Mtengo wake si wamasewera, ndipo ma capacitor akale, tizipangizo tosunga magetsi mkatimo, amafuna kusintha musanaiyatse.

DJ wa ku Joni: Asisi, munthu akulira lendi inu mukumutuma ku museum. Wofunsa ndiboksireni, transipota wanga akunyamuka Lachisanu, ndikuikirani ampu yeniyeni ndi ma sub awiri. Mlamu wanuyo akadzamva adzapepesa yekha.

Adimini: Malonda ku inbox ndi oletsedwa. Chenjezo loyamba.

Mnyamata wa ku Biwi: Nkhani yaikulu apa ndi mlamu. Abweze kaye home theatre, za ampu tikambirana pambuyo. Alamu, tikudziwa mukuwerenga, tulukani!

Fundi wa ku Ndirande: Tibwerere ku funso. Tiampu tambiri tating'ono totchipa tija, mavalavu amangokhala polowera mawu, mphamvu yeniyeni imachokera mu kachipangizo kamakono, chip ya Class D. Sikuti n'toipa, kungoti mudziwe chimene mukugula. Yeniyeni mumaidziwa pa kulemera, chifukwa imakhala ndi mathiransifoma otulutsira mawu. A10 ndi yeniyeni, imayendera mavalavu awiri a mtundu wa EL34. R8 ili ndi mavalavu akuluakulu anayi, KT88 kapena EL34, imafika mawatsi 45 mbali imodzi, koma imalemera kuposa makilo 20, ndiye werengerani zonyamulitsa ndi msonkho wa pa kasitomu musanasangalale ndi mtengo wa pa intaneti. Marekodi anuwo sangalire pa ziwirizi mwachindunji, pafunika kabokosi kokweza mawu a rekodi, phono preamp, pakati, pokhapokha choimbira chanu chili nayo kale mkati.

Mayi wa ku Area 25: Ndiye kuti mayuniti a magetsi atha?

Fundi wa ku Ndirande: Imadya ndithu mayi, olo nyimbo ili pansi, bola yayaka. China, bwana wofunsa: osaiyatsa masipika asanalumikizidwe, mupsereza thiransifoma. Magetsi akathima izimitseni pa switch, akabwera dikirani kaye pang'ono. Ndipo osatsegula pansi pake ndi sikuludiraiva, muli mavolti opitirira 300 ndipo amatsalira olo mutazula pulagi.

Nesi wa ku Leeds: Muitanitsiretu ma EL34 apadera. Akupangidwabe ku Slovakia, ku Russia ndi ku China, koma kudikira pamene ina yafa n'kowawa.

DJ wa ku Joni: Ndiye mukumva nokha? Imatentha, imadya mayuniti, imapha munthu, imafuna masipeya. Koma wolakwa ndine!

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Amayi a ku Area 25, ndalama ya pakhomo ndimasiya tsiku lililonse, musandiweruze. Mlamu uja wandiimbira, akuti home theatre inali yofa kale. Za masipika, ndi akuda aja, ataliatali.

Mnyamata wa ku Biwi: Akuda ataliatali kkkkkk, afundi yezani pamenepo.

Fundi wa ku Ndirande: Bwana, jambulani kapepala ka kumbuyo kwake muike pano. Ngati ali a home theatre ija, ambiri amakhala a 3 ohm, ndipo zikatero yambani mwagula masipika.

DJ wa ku Joni: Masipikanso ndili nawo. Adimini, ndangonena chabe.