Kodi John Milton analemba bwanji Paradise Lost ali wosaona?

Wophunzira Ndakatulo:
Akuluakulu, ndikuwerenga Paradise Lost pang'onopang'ono, ndipo pali zinthu ziwiri zimene zandiimitsa mutu. Ndamva kuti John Milton anapeka ndakatulo yaitaliyi, yonena za kupanduka kwa Satana ndi kuchimwa kwa Adamu ndi Hava, atachita kale khungu; nanga zinatheka bwanji? Komanso n'chifukwa chiyani Satana amalankhula mogwira mtima chotere m'zigawo zoyambirira, chikhalirecho mlembiyo anali munthu woopa Mulungu?

Mphunzitsi Wopuma:
Zimene mwamvazo n'zoona. Milton anabadwira ku London mu 1608, ndipo pochoka ku Christ's College ku Cambridge n'kuti Chilatini ndi Chigiriki akuzidziwa bwino kwambiri. Mfumu Charles I itadulidwa mutu mu 1649, boma latsopano linamupatsa ntchito yolemba makalata a Chilatini opita kumayiko ena, koma maso ake anali atayamba kale kuchita chidima, mwakuti pofika 1652 sankaonanso. Mizere ankaipeka mumtima usiku kapena m'bandakucha, n'kuisunga m'mutu mpaka munthu womulembera atafika, ndipo akaiyankhula ankauza munthuyo kuti amuwerengerenso kuti akonze pamene sipanamveke bwino. Mizere yoposa 10,000 inabadwa motero. Ndakatuloyi inatuluka mu 1667 ili m'zigawo 10, wosindikiza Samuel Simmons atapereka mapaundi 5 okha poyamba, ndipo inatulukanso ili m'zigawo 12 mu 1674, chaka chimene Milton anamwalira. Ndikupemphani kuti muziiwerenga mokweza mawu, pakuti inapekedwa ndi khutu: ziganizo zake zimasefukira kuchoka mumzere wina kulowa mu wina, ndipo mpweya wanu ndiwo udzakuuzani popumira.

Mayi Wokonda Mbiri:
Funso lachiwirilo yankho lake lili m'moyo wa mlembiyo. Milton anathera zaka zake zamphamvu akulimbana ndi ufumu, ndipo mu 1644 analemba kabuku kotchedwa Areopagitica pokana zoti boma lizivomereza kaye buku lisanasindikizidwe. Charles II, mwana wa Charles I, atabwerera pampando mu 1660, zonse zimene Milton ankamenyera zinagwa. Anabisala, ena mwa mabuku ake anatenthedwa, ndipo iye anakhalako m'ndende kwa kanthawi. Munthu wotere ankadziwa bwino zimene zimakhala mumtima mwa woukira amene wagonja koma akukana kugwada, n'chifukwa chake Satana atagwera m'nyanja yamoto amalankhula mawu otentha chonchija. Wolemba ndakatulo wina wa ku England, William Blake, anafika ponena kuti Milton anali kumbali ya Mdyerekezi mosadziwa, ndipo ine ndimaona kuti sanaphonye kwenikweni.

Mphunzitsi Wopuma:
Mayi, mbiri mwailongosola bwino, koma pa mfundo ya Blake pepani ndisiyana nanu. Amene amatama Satana nthawi zambiri amakhala kuti analekezera pa gawo lachiwiri. Mutsatireni mpaka kumapeto muone mmene akunyozekera. M'gawo lachinayi angelo akumupeza atanyonyomala ngati chule pakhutu pa Hava, akumunong'oneza maloto oipa. M'gawo lachisanu ndi chinayi akulowa mwa njoka imene ili m'tulo. Ndipo m'gawo lakhumi, atabwerera kwa anzake n'kuwafotokozera monyada za kupambana kwake, akudikira kuti amuombere m'manja, koma chimene akumva ndi kulira kwa njoka kumbali zonse, popeza onsewo, iye yemwe, asanduka njoka. Mlembi amene anakonza zimenezi ankadziwa chimene akuchita. Chiyeso chikanakhala chosakoma, Hava sakanagwa, ndipo Milton ankafuna kuti ifenso owerenga tikopeke kaye tisanazindikire bodza lake.

Mukafuna kumva mawu a Milton mwiniwake, werengani chiyambi cha gawo lachitatu, pamene akudandaula kuti nyengo zimabwerera chaka ndi chaka koma kwa iye usana subwerera, ngakhale nkhope ya munthu sadzaionanso. Kenako mupeze ndakatulo yake ina, Samson Agonistes ya mu 1671, yonena za Samisoni atakolowoledwa maso, akupera pamphero ya adani ake ku Gaza.