Kodi carbimazole ndi woopsa motani kwa munthu wa chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso?

Nachisale:
Madokotala andipeza ndi matenda a Graves, ndipo andifotokozera kuti chithokomiro changa chikutulutsa mahomoni ambiri, n'chifukwa chake mtima umagunda mothamanga, manja amanjenjemera ndiponso ndikuonda ngakhale ndikudya bwino. Andipatsa carbimazole, koma nditawerenga kapepala ka m'bokosi mwake ndachita mantha, makamaka pa zimene akunena zokhudza magazi. Ndilinso ndi maganizo obereka mwana wina chaka chamawa. Amene mukudziwa bwino za mankhwalawa, chonde ndiuzeni chimene ndiyenera kuopa kwenikweni, komanso ngati n'kwanzeru kuyamba ndadikira kaye osamwa.

Namwino Wopuma:
Mayi Nachisale, musadikire. Chithokomiro chikasiyidwa chonchi chimasokoneza kagundidwe ka mtima, chimafooketsa mafupa, ndipo nthawi zina chimabuka mwadzidzidzi moti munthu akhoza kutaya moyo.

Vuto la magazi limene mwawerengalo limatchedwa agranulocytosis. Maselo oyera a m'magazi, amene amalimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, amatsika kwambiri m'masiku ochepa, ndipo thupi limatsala lopanda chitetezo. Sizichitikachitika, pakuti amene amakumana nazo safika munthu 1 pa anthu 100 alionse, ndipo kawirikawiri zimachitika m'miyezi 3 yoyambirira. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti chiyambi chake chimafanana ndi chimfine wamba: kutentha thupi, zilonda zapakhosi, tizilonda ta m'kamwa, kuzizidwa. Munthu amagula mankhwala opha ululu, n'kugona, n'kupitiriza kumwa carbimazole, kumeneko ndiye kulakwa kwakukulu. Mukangoona chimodzi mwa zizindikirozi, musamwenso piritsi lotsatira, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukanene momveka bwino kuti mukumwa carbimazole ndipo mukufuna kuti akuyezeni kuchuluka kwa maselo oyera. Akapezeka kuti ali bwino, dokotala adzakuuzani kuti muyambirenso. Akapezeka atatsika, mankhwalawa simudzamwanso moyo wanu wonse, ngakhalenso propylthiouracil amene ali m'gulu lomwelo.

Maso akasanduka achikasu, mkodzo ukada, kapena mukamva kupweteka koopsa kumtunda kwa mimba, chitaninso chimodzimodzi, chifukwa chiwindi ndi kapamba zimatha kukhudzidwa.

Bambo a Mapasa:
Ine ndinamwa mankhwalawa mpaka ndinamaliza, ndipo ndikufuna kuwonjezera zazing'ono zimene anthu ambiri amakumana nazo. Kumayambiriro ndinatuluka zidzolo zoyabwa m'mikono ndi pachifuwa, koma nditakaonetsa anandipatsa mankhwala oletsa kuyabwa ndipo zinatha popanda kusiya carbimazole. Ena amamva kupweteka m'malo olumikizirana mafupa kapena nseru.

Musataye mtima mukaona kuti milungu yoyambirira simukusintha. Mankhwalawa amaletsa chithokomiro kupanga mahomoni atsopano, koma amene anapangidwa kale amakhala adakalimo mpaka atatha, choncho kusintha kumaoneka patatha milungu 4 mpaka 8. Pa nthawi imeneyo ambiri amapatsidwa propranolol wochepetsa kugunda kwa mtima ndi kunjenjemera, ngakhale kuti wodwala mphumu sayenera kumwa. Musamajombenso kokayezetsa magazi, chifukwa mlingo ukachuluka chithokomiro chimafooka mopyola, munthu n'kumangomva tulo, kuzizidwa ndi kunenepa. Nthawi zambiri mankhwalawa amamwedwa kwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo pafupifupi theka la odwala matendawa amawabwereranso akasiya, pamene madokotala amayamba kukamba za ayodini wa radiyeshoni kapena opaleshoni.

Mzamba:
Nkhani ya mimba ndiyo imene sindikufuna kuti idutse mopepuka, achemwali. Carbimazole, amene m'thupi amasanduka methimazole, amafika kwa mwana wosabadwa, ndipo akamwedwa m'miyezi 3 yoyambirira ya mimba angachititse kuti mwana abadwe wopanda khungu pamalo ena a pamutu, wotsekeka njira ya kumbuyo kwa mphuno, kapena wa kummero kosalumikizana bwino ndi chifu. Mu 2019 bungwe la MHRA, loyang'anira mankhwala ku Britain, linalimbikitsa chenjezo lakuti mayi aliyense wa msinkhu wobereka azigwiritsa ntchito njira yodalirika yolera pamene akumwa mankhwalawa.

Zimenezi sizikutanthauza kuti simungabereke. Amene akukonzekera mimba kapena amene angoima kumene amasinthidwira ku propylthiouracil, koma nayenso ali ndi vuto lake, pakuti angathe kuwononga chiwindi kwambiri, moti mu 2010 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linalamula kuti pamankhwalawa pakhale chenjezo lamphamvu. N'chifukwa chake propylthiouracil saperekedwa mwachisawawa, makamaka kwa ana. Kusiyiratu mankhwala muli oyembekezera n'koopsanso, popeza chithokomiro chosalamulirika chimawonjezera chiopsezo cha kupita padera, kuthamanga kwa magazi ndi kubereka masiku asanakwane. Uzani dokotala wanu za cholinga chanucho panopa, musanasiye kulera, kuti mugwirizane nthawi yoyenera.

Nachisale:
Zikomo nonse. Ndiyamba kumwa monga anandilembera, ndipo za mwana ndikazinena ndikapita kokayezetsa magazi. Funso limene latsala ndi lakuti, kodi mayi amene akumwa carbimazole angathe kuyamwitsa?

Mzamba:
Inde, pa mlingo wochepa kapena wapakati n'zololeka, chifukwa amene amalowa mumkaka ndi ochepa kwambiri. Madokotala amalangiza kumwa piritsi mukangomaliza kuyamwitsa, ndipo amayang'anitsitsa kakulidwe ka mwana pa nthawi yonseyo.