Bungwe la madokotala likafa ndi nkhondo, mumalidzutsa bwanji?

Wophunzira zaumoyo:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Nkhondo ikatha, bungwe la madokotala la m'dera limatsala dzina lokha. Ena anathawa, ena anatisiya, otsalawo ntchito yawafika m'khosi. Mukaitanitsa msonkhano kumabwera anthu atatu. Nanga mamembala amabwerera ndi chiyani? Ndikuganizira dera ngati la Tete ku Mozambique pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992.

Dokotala wopuma:
Mwana wanga, musayambe ndi msonkhano. Yambani ndi kaundula. Kope limodzi, munthu aliyense mzere wake: dzina, ntchito imene anaphunzira, chipatala chimene ali panopa, ndi kumene mapepala ake a sukulu ali. Kaundula wakale musamukhulupirire, maina ambiri mmenemo ndi a anthu amene kulibe. Ku Tete anthu ambiri a ku Angónia ndi Tsangano anali atathawira ku Malawi, kumene othawa nkhondo anafika pafupifupi 1 miliyoni, ndipo m'misasa ena anaphunzira ntchito zachipatala koma alibe pepala lomwe boma lingalivomereze. Bungwe likamuthandiza munthu wotere kulemba kalata ndi kulondola mapepala ake ku likulu la chigawo, sadzajomba msonkhano.

Chachiwiri, tsegulani chitseko. Mozambique inalandira ufulu mu 1975 madokotala ambiri achipwitikizi n'kuchoka, moti kuyambira mu 1984 dzikolo linayamba kuphunzitsa técnicos de cirurgia, anthu osakhala madokotala koma ochita opaleshoni m'zipatala za m'maboma. Mukati bungwe ndi la madigiri okhaokha, mudzakhala awiri m'chipinda. Lembani m'malamulo kuti a técnico, anamwino ndi azamba ndi mamembala, ndipo voti yawo ikhale yofanana ndi ya dokotala pa nkhani za m'dera.

Mzamba wa kumudzi:
Bambo anena zoona, ine ndiwonjeze za msonkhano weniweniwo. Munthu wa pachipatala chaching'ono sangatseke chitseko tsiku lonse kuti akamve malipoti. Ikani msonkhano tsiku lomwe anthu amabwera kale kuboma kudzatenga mankhwala kapena kudzapereka malipoti a pamwezi, ulendo ukhale umodzi. Kamodzi pa miyezi iwiri ndi bwino. Kuyambira Disembala mpaka Malichi musakakamize, milatho yogumulidwa pa nkhondo ndi mitsinje yodzaza sizimvera kalata yoitanira.

Nthawi isapitirire ola ndi theka. Mphindi 15 za nkhani za bungwe, zotsalazo za odwala. Munthu mmodzi abwere ndi nkhani ya wodwala mmodzi, osatchula dzina: mwendo woduka ndi bomba lokwirira pansi umene chilonda chake chikukana kupola, mwana wa chikuku wotupa mapazi, kolera pamene madiripu atha. Afotokoze chimene anachita, enawo anene chimene akanachita. Mabomba okwirirawa si nkhani ya chaka chimodzi ayi, Mozambique inalengeza kuti yathana nawo mu 2015, ndiye nkhani zophunzirira sizisowa.

Chimene chimapha misonkhano yotereyi ndi wamkulu wa chipatala kuisandutsa bwalo la milandu. Mzamba akadzudzulidwa pagulu kamodzi kokha chifukwa cha mayi amene anamwalira m'njira, sabweranso, ndipo anzake amaleka kubweretsa nkhani zovuta. Wotsogolera zokambirana asakhale bwana wa amene akufotokozayo.

Msungichuma wina:
Ine ndikusiyana nanu pang'ono, mayi. Maphunziro okha sakwanira, nkhani ili pa ndalama. Nkhondo ikatha mabungwe akunja amadzaza dera ndi maphunziro a alawansi, ndiye anthu amazolowera kuti msonkhano ndi envulopu. Inu musapikisane nawo, simungathe. Nenani poyera kuti alawansi palibe, koma mafuta a njinga yamoto kapena thiransipoti abwezedwa, ndipo nsima ilipo.

Sonkhamsonkha akhale wochepa, wolingana ndi malipiro a tsiku limodzi pa miyezi itatu, ndipo ngongole za nthawi ya nkhondo zikhululukidwe zonse. Mukayamba kulondola zakale, anthu amathawa ndi manyazi. Lisiti kwa aliyense, osayina awiri potulutsa ndalama, ndipo kope la ndalama likhale patebulo msonkhano uliwonse. Komanso patulani kagawo ka thumba la maliro ndi matenda; ambiri amalipira chifukwa cha kameneko.

Dokotala wopuma:
Pali china chomwe sitinakhudze. M'chipinda chimodzimodzicho mukhala amene anagwira ntchito ku mbali ya boma la Frelimo, amene anali kumadera a Renamo, gulu lomwe linkamenyana ndi bomalo, ndi amene angobwera kuchokera kunja. Otsala amaona obwerera ngati othawa, obwerera amaona ngati mipando inagawidwa iwo kulibe. Komiti ya anthu asanu ikhale ndi magulu onsewa, mpando ukhale wa zaka ziwiri basi, ndipo za chipani zitsale panja. Wachinyamata amene wangomaliza sukulu mupatseni ulembi: zokambirana pa tsamba limodzi, zitumizidwe pasanathe sabata kwa amene sanabwere, pa ambulansi kapena masiku ano pa WhatsApp, pansi pake palembedwe dzina la chipatala chimene chidzabweretse nkhani ya wodwala ulendo wotsatira.